Ng'oma Yovula Mfumu Nsapato

Ufumu wa Tazimva unatchuka chifukwa cha ulemu wa olamula ake. Munthu akapita kukadandaula kuti mlatho wa kwawo wagwa, sankamukalipira kapena kumuthamangitsa ngati mmene amachitira m'maiko osaleredwa bwino. Ankamupatsa mpando, n'kumuyang'ana ndi nkhope yachisoni, kenaka n'kumuuza kuti, "Tazimva." Akabweranso chaka chinacho kudzanena kuti tsopano mtsinje watenga ndi msewu womwe, ankamuuza kuti nazonso azimva. Anthu ankabwerera kwawo akuwoloka madzi ofika m'chiuno, koma mitima ili m'malo podziwa kuti boma lawo lili ndi makutu.

Pa nthawi ya nkhani yathuyi pampando panali Mfumu Mlemekezeni Wachitatu, imene inkakhala mumzinda waukulu wa Bweranimawa. Mafumu ena amakumbukiridwa chifukwa cha nkhondo, ena chifukwa cha mitala. Iyi inali ya nsapato. Inali nazo zachikopa cha ng'ona, zosongoka kutsogolo, zopitira kumaliro, zolandirira alendo, ngakhalenso zovala poganizira mavuto a anthu, zimene zinali zidakali zatsopano m'bokosi. Chikhalireni pampando phazi lake linali lisanapondepo dothi, moti antchito a kunyumba yachifumu ankanong'onezana kuti zidendene zake n'zofewa kuposa tsaya la khanda.

Tsiku lina mfumu inaitanitsa nduna zake zonse chifukwa mosungira chuma cha ufumu munali mutayamba kugona mileme. Anaimirira a Mtengowakwera, Nduna Yoona Zoti Zinthu Zizipindula. Iwowa anali atangofika kumene kuchokera kumsonkhano wa kunja, komwe anakatengako chimfine ndi nzeru imodzi.

"Amfumu, vuto la dziko lino ndi ulesi," anatero a Mtengowakwera. "Sindikunena ulesi wa anthu, umenewo tinauzolowera. Ndikunena ulesi wa katundu. Pitani ku Nyumba ya Zakale, ija anthu amati myuziyamu. Muli mbiya yaikulu imene yatha mibadwo osafululamo mowa. Muli makasu osalima, mikondo yosabaya, mitondo yosasinja. Zonsezi zimagona m'nyumba yamalata, zili ndi mlonda, zimapukutidwa fumbi, koma sizibweretsa ngakhale khobidi. Mwana wanu atamachita zimenezi mungamusunge?"

Nduna zonse zinapukusa mitu kukana, ngakhale zambiri mwa izo zinali ndi ana otero kunyumba.

"Kunja atiphunzitsa kuti chilichonse cha boma chizidzidyetsa chokha. Mbiri ndi ng'ombe, amfumu. Ife takhala tikungoidyetsa msipu osaikama."

Mfumu inayang'ana kumapazi kwake kwa kanthawi, n'kufunsa ndi mawu otsika ngati mkaka wakewo ungakwanire zofunika zazikuluzikulu za ufumu.

"Ungakwanire mpaka sokosi zomwe, amfumu."

Lamulo linadutsa nthawi yomweyo, ndipo m'mawa mwake galimoto ya chinkuzamawu inazungulira mzinda wonse kulilengeza. Wolowa mu myuziyamu azilipira pakhomo. Woyang'ana chinthu ndi maso onse awiri azilipira mtengo wonse, wotsinzina diso limodzi theka. Wopezeka akukumbukira agogo ake ali mkati mwa mpanda azilipira padera, chifukwa kukumbukirako wakupezera pamalo a boma. Mbiya yaikulu izibwerekedwa kumaukwati, ndipo machira amene ankanyamulira mfumu yoyamba azigonapo ofuna kujambulitsa.

Koma woyamba kulawa nzeru ya andunayi sanali mbiya kapena mkondo. Anali Mayi Dorika Nangondo, amene ankagulitsa zitumbuwa pansi pa mkuyu waukulu pakhomo pa myuziyamu. Malowo anawasiyira ndi amayi awo pamodzi ndi beseni la chivundikiro chamalata, ndipo ndi pamenepo pamene analerera ana awo n'kuyambanso kulera zidzukulu. Kunena zoona, anthu ambiri a mu Bweranimawa ankaidziwa myuziyamu ngati nyumba ija ili kuseri kwa mayi wa zitumbuwa. Olowamo anali ana asukulu obwera mokakamizidwa ndi anthu othawa mvula.

A Mtengowakwera atabwera kudzayendera malowo, anaima patsogolo pa beseni lija manja ali kumbuyo.

"Mayi, muli ndi chilolezo chokhalira pano?"

"Ndili ndi beseni, bwana."

"Beseni si chilolezo. Pano pazibwera alendo ochokera kutali, a makamera m'khosi. Tithira tala kuti mabasi awo aziima bwino, ndipo mkatimu titsegula malo odyera ogulitsa Zitumbuwa za Makolo."

"Nanga zangazi ndi za yani? Anandiphunzitsa ndi amayi anga, iwonso anaphunzira kwa amayi awo."

"Zanuzo ndi zitumbuwa chabe, mayi. Za makolo zimakhala pambale, ndi kapepala kofotokoza."

Mlungu usanathe mkuyu uja anausadza nthambi zonse kuti chikwangwani chatsopano chizioneka pamsewu, ndipo pamene panali mthunzi anathirapo tala wakuda bii. Mayi Nangondo anawasamutsira kumsika wa Onjezaniko, n'kuwapatsa malo pakati pa ogulitsa usipa ndi chimbudzi cha msika. Chitumbuwa ndi chakudya chaulemu, sichigwirizana ndi anansi otere. Madzulo aliwonse beseni linkabwerera kunyumba lodzadza, moti zidzukulu zinadya zitumbuwa m'mawa ndi madzulo mpaka kuyamba kuthawa zikamva fungo la nthochi.

Mayiwo anapita ku Ofesi ya Madandaulo, komwe anawapatsa mpando wabwino n'kuwauza kuti azimva. Anapita ku Ofesi Yotsatira Madandaulo Omvedwa Kale, nako anati abwere mawa. Pobwerera anadzera pa myuziyamu, n'kuima kunja kwa mpanda kuyang'ana pamene pankakhala kampando ka amayi awo. Analira, ndipo sanabise nkhope.

Tsono mu myuziyamumo munali chinthu china chimene anduna anachiona ndi diso la malonda lokha. Inali ng'oma yaitali yotchedwa Tulukani. Mfumu yoyamba ya dzikolo inaiika pabwalo pamodzi ndi mwambo wake: aliyense amene walakwiridwa n'kusowa womumvera aimbe ng'omayi. Ikalira, mfumu ivule nsapato, ikaime pamalo penipeni pamene pali mlandu, isakhale pansi, isavale kanthu kuphazi mpaka nkhani itatha. Makolo aja ankadziwa kuti munthu amene waponda minga imene ukuponda iwe sachedwa kumvetsa.

Mwambowu unayenda bwino mpaka pa agogo a mfumu ya leroyi, Mlemekezeni Woyamba, munthu wokonda chikhalidwe kwambiri. Anaikonda ng'omayo kotero kuti anaitsekera m'bokosi lagalasi kuopa chiswe, ndipo kiyi anaisamala koposa. Lumbiro lokha analisiya. Mfumu iliyonse poikidwa inkanenabe pamaso pa khamu kuti, "Tulukani akalira ndidzavula, ndikadzakana mapazi anga atupe asadzalowenso mu nsapato." Inkalumbira mokweza ndi mosaopa, ngati munthu wa kumapiri amene akulonjeza kudzapalasa bwato nyanja ikadzafika pakhonde pake.

"Alendo amakonda kugwiragwira," anatero a Mtengowakwera ataiona ng'omayo. "Tsegulani galasili. Aliyense wolipira aziimba ndi manja ake."

A Kafumbata, mkulu woyang'anira myuziyamu, anakanda pamutu. "Bwana, ng'oma imeneyi ili ndi mwambo wake. Ndimati mwina tikanayamba..."

"Tazimva," anatero anduna, maso ali pa khomo lolipirira.

A Kafumbata, pokhala mzika yabwino ya Tazimva, anakhutira kuti awamva, ndipo anapita kukafunafuna kiyi.

Galimoto ya chinkuzamawu itadutsanso pamsika wa Onjezaniko kuitanira anthu kumwambo wotsegulira myuziyamu yatsopano, amalonda anasiya kaye kuthamangitsa ntchentche n'kutchera khutu. A Bizaliyele, ogulitsa nsapato za kaunjika, anayamba kuchenjeza anzawo.

"Inu amene tsitsi layera muziyenda m'mbali mwa msewu masiku ano. Akakuonani anduna akutolani, akakuikani m'galasi."

"Ine andiike," anayankha a Nasibeko a tomato. "Kumeneko denga silidontha, ndiponso amakupukuta fumbi m'mawa uliwonse. Kwanga kuno andipukuta ndani?"

"Mwamva zomalizazo?" anatero a Bizaliyele. "Akuti tikalipire kuti tiimbe ng'oma. Kwathu woimba ng'oma ndiye amapatsidwa chipanda cha mowa, kuno azilipira ndi iyeyo. Dziko likupita patsogolo ili, latisiya."

Anthu anaseka, koma Mayi Nangondo anakumbukira lumbiro la mfumu. Tsiku limene mfumu inkaikidwa pampando iwo anagulitsa zitumbuwa pafupi ndi nsanja, ndipo lumbiro lija analimva lonse chifukwa nthawi imeneyo kunalibe wogula.

"Akuti ng'oma yake iti?" anafunsa.

"Tulukani, ya m'galasi ija."

"Ndipo akuti aliyense?"

"Aliyense wokhala ndi ndalama, amayi. Si inu ndi ine."

Mtengo wake unalidi woikira alendo a makamera. Koma amayi a pamsikapo anali ndi chipeleganyu chawo, ndipo mwezi umenewo wolandira anali Mayi Nangondo. Atanena chimene akufuna kuchita ndi ndalamazo, a Nasibeko anagwira pakamwa.

"Achemwali, mpamba wanu ndi womwewu. Ufa, nthochi, mafuta, zonse zikudikira pamenepa. Mukamenya chikopa chija mfumu n'kungokusekani, mudya chiyani? Mudya kulira kwa ng'oma?"

"Panopa ndikudya chiyani?" anayankha Mayi Nangondo. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipatseni ndikayese."

Usiku umenewo tulo sanatione, pakuti mantha anali nawo ndithu. Akanatha kungotaya mpamba, n'kutsala ndi beseni lopanda kanthu ndi mbiri ya mayi wamisala amene anagula phokoso.

Mwambo wotsegulira unakonzedwa m'mawa, kukadali kozizira, koma mfumu yodzilemekeza sifika nthawi imene yanenedwa. Inafika dzuwa lili paliwombo, ndipo unali mwezi uja wotentha mvula isanagwe, pamene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Inatsika m'galimoto itavala nsapato zoyera zogulidwira tsikuli, n'kuyenda pa kapeti mpaka pansi pa tenti. Tala watsopano uja anali akunyezimira ndi kununkha, atafewa ngati phala.

Alendo ochokera kutali anabweradi. Anali mzungu mmodzi wa panjinga amene ankafunsa kumene angapeze madzi akumwa, ndi banja lina limene linasochera njira ya kumalire. Anawakhazika kutsogolo ndi kuwaveka maluwa. Anthu a mumzinda anadzadza kunja kwa mpanda, kumene kuonera kunali kudakali kwaulere.

A Mtengowakwera analankhula nthawi yaitali. Anati kuyambira lero mbiri yasiya kupemphetsa, yayamba geni. Anati makolo amene anagona akhala akudya za boma mokwanira, tsopano nawonso athandizepo. Pomaliza analoza ng'oma imene inaikidwa pakhonde.

"Ndani mwa alendo athu olemekezeka akufuna kukhala woyamba?"

Mzungu wa panjinga ankapukuta thukuta. Banja losochera linkayang'ana mapu. Kenaka pakhomo lolipirira panafika mayi wovala chitenje chotuwa, beseni lili pamutu, kamkeka kali m'khwapa. Anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje, n'kupereka zonse zimene zinalimo. Wolandira ndalama anayang'ana anduna, anduna anayang'ana ndalamazo, ndipo poona kuti zakwana anamwetulira.

"Taonani, amfumu, ngakhale anthu wamba ayamba kugula mbiri yawo."

Mayi Nangondo anatula beseni, anapukuta manja, n'kuimenya ng'omayo. Tulukani anali atagona zaka zambiri, koma mawu ake sanachite dzimbiri. Analira mozama, mawu olowa m'mimba, mpaka akhwangwala anauluka padenga la myuziyamu. Kunja kwa mpanda madoda okalamba anavula zipewa osadziwa kuti avula.

Pansi pa tenti panali a Nanyoni, azakhali a mfumu, amene mwa mwambo ndiwo ankasunga malumbiro a banja lachifumu. Iwowa anali ndi kakukhosi kawo, chifukwa tsiku limenelo anawakhazika mzere wachitatu, kumbuyo kwa akazi a nduna. Anadzuka pang'onopang'ono, n'kukagwada patsogolo pa mfumu.

"Mwana wa achimwene anga, kweza mwendo."

"Azakhali, izi ndi zamalonda chabe," inanong'ona mfumu. "N'zosangalatsa alendo."

"Unalumbira zamalonda? Ine ndinalipo, ndinakugwirira mkono. Ukafuna khala, koma nsapato zako zonse zija uyambe kuganiza woti umusiyire."

Mfumu inaganiza za chipinda chake cha nsapato, inaganiza za mapazi otupa ngati maungu, ndipo inakweza mwendo. A Nanyoni anavula nsapato zoyera zija n'kuziika pambali. Mfumu inapempha kuti sokosi zokha zitsale.

"Makolo analibe sokosi," anatero azakhali.

Apo anthu a ku Tazimva anaona mapazi a mfumu yawo kwa nthawi yoyamba. Anali ang'onoang'ono, otuwa ngati mbatata yosenda, ndipo a Bizaliyele kunja kwa mpanda anangowayang'ana kamodzi n'kudziwa saizi.

"Mlandu uli pati?" anafunsa a Nanyoni.

Mayi Nangondo anayenda mpaka pakati penipeni pa tala, pafupi ndi mkuyu wosadzidwa uja, n'kuloza pansi. Anayala kamkeka kawo, anagwadapo bwinobwino, n'kudikira. Mfumu inatsika pa kapeti. Phazi loyamba litaponda tala, nkhope yake inasintha ngati ya munthu amene wamva uthenga wa maliro, koma inayenda mpaka kukaima patsogolo pawo.

Ku Tazimva munthu sayamba nkhani asanapereke moni, ndipo Mayi Nangondo analeredwa bwino.

"Mwaswera bwanji, amfumu?"

"Taswera, mayi. Nenani."

"Kunyumba onse ali bwanji? Amayi a kunyumba yaikulu?"

"Ali bwino."

"Nanga a kunyumba yaing'ono? Tinamva kuti anadwala chifuwa."

"Anachira. Mayi, nkhani yanu..."

"Sunawabwezere moni," anatero a Nanyoni ali mumthunzi wa tenti.

Mfumu inanyamula phazi lamanzere n'kuliika pamwamba pa lamanja. "Kaya inu, mayi?"

"Ife taswera pang'ono, amfumu, koma bondo ili. Linayamba chaka chija cha dzombe. Likati ligwire limayambira apa, n'kutsika mpaka apa, makamaka kukachita mitambo. Ndinapita kuchipatala, anandiuza kuti azimva."

Mfumu inasinthanitsa mapazi. Kenaka inasinthanitsanso, mofulumirirapo. Oimba malipenga a kunyumba yachifumu, amene ntchito yawo ndi kuyang'anitsitsa mfumu, anaganiza kuti yayamba kuvina ndipo anaiyambitsira nyimbo. Mzungu wa panjinga anaiwala ludzu n'kutulutsa kamera. Anthu a kunja kwa mpanda, amene moyo wawo wonse anali asanalipirepo kuti aone mkondo, anayamba kukankhana pakhomo ndalama zili m'manja, ndipo palibe amene anatsinzina diso limodzi. A Mtengowakwera anathamangira komweko kukathandiza kulandira, chimwemwe chili tsaya ndi tsaya.

"Nkhaniyi, amfumu, inayamba ndi amayi anga, a Nagama," anatero Mayi Nangondo. "Iwowo anabadwira kutsidya, koma atakwatiwa ndi abambo anga..."

"Tazimva, mayi, tazimva!"

"Tulukani sadziwa tazimva," anatero azakhali. "Amadziwa nkhani yatha."

Choncho mfumu inamva za a Nagama. Inamva mmene anapezera mkuyu uja ukadali wofika m'mapewa, mmene ankauthirira ndi madzi otsukira beseni, ndi mmene anamwalirira atauza mwana wawo kuti asadzachoke pamenepo chifukwa ogula amatsata malo, satsata munthu. Inamva za usipa, za chimbudzi, za zidzukulu zothawa fungo la nthochi. Pofika apa khamu limene linkaseka linaleka kuseka. Oimba malipenga okha ndiwo sanazindikire.

"Palibe mthunzi pano?" inalira mfumu thukuta lili kamukamu. "Dziko lonseli mulibe mthunzi?"

"Unali pomwe mwaimapo, amfumu. Anduna anausadza."

Mfumu inayang'ana m'mwamba n'kuona mkuyu uli nthambi zodukaduka, dzuwa likudutsa osapempha. Akuluakulu a mbiri ya Tazimva amati m'mibadwo itatu ya a Mlemekezeni, imeneyi inali nthawi yoyamba kuti mfumu imve dandaulo ndi thupi lonse.

"Mukufuna chiyani, mayi? Nenani msanga."

"Malo angawa basi. Ndi kuti mtengowu ausiye uphuke."

"Ndi anu. Anu, a ana anu, a zidzukulu zanu, mpaka kalekale. Wokhudza mtengowu akhudza ine. Azakhali, nkhani yatha?"

A Nanyoni anayang'ana Mayi Nangondo. Mayi Nangondo anaganiza kaye pang'ono, pakuti si bwino kuyankha mfumu mothamanga, kenaka anawomba m'manja mwaulemu. Mfumu inazula mapazi ake mu tala n'kuthamangira pa kapeti ndi liwiro limene palibe ankadziwa kuti ili nalo. Nsapato zoyera zija zinakana kulowa chifukwa cha matuza, ndipo mfumu inabwerera kunyumba yachifumu itavala mapatapata obiriwira amene a Bizaliyele anapereka kudzera pa mpanda, pa mtengo wa alendo.

Galimoto ya mfumu isanatuluke n'komwe, kumbuyo kwa ng'oma kunali kutayamba kale mzere. Munali a mlatho, a chipatala, aphunzitsi, ngakhalenso wapolisi mmodzi amene anavula chipewa kuti asadziwike. Anawauza kuti myuziyamu yatseka, abwere mawa.

Mawa lakelo nduna zinakumana, mfumu itaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira. A Mtengowakwera anaimirira nkhope ikuwala.

"Amfumu, dzulo lokha myuziyamu yapeza zimene sinapezepo chiimangireni. Ng'ombe ija yayamba kutulutsa mkaka. Ndikupempha kuti tizichita zimenezi tsiku lililonse masana, ndipo Loweruka kawiri."

Mfumu inawayang'ana nthawi yaitali, ndipo nduna zimene zinakhala pafupi nawo zinayamba kusuntha mipando.

Vuto linali lalikulu ndithu. Lumbiro sakanalifafaniza azakhali ali moyo, ndipo azakhaliwo ankaoneka kuti apeza chifukwa chatsopano chokhalira moyo. Kubweza ng'oma m'galasi kukanaoneka ngati mantha. Atakambirana mpaka tiyi kutha, anagwirizana kuti Tulukani watopa, pakuti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, ndipo chuma cha makolo chiyenera kutetezedwa. Anachotsa chikopa chake kuti akachikonze, n'kukhazikitsa komiti yofufuza ng'ombe yoyenera kupereka chikopa chatsopano. Komitiyo yayendera maiko angapo, ndipo ng'ombe yoyenerayo sinabadwebe.

Koma a Mtengowakwera si munthu wotaya phindu. Pa tala paja panatsala mapazi a mfumu, odindika bwino mpaka zala, ena apa ena apo monga mmene inkasinthira. Anawavundikira ndi galasi n'kulemba kuti ndi Mapazi a Mfumu Yokonda Anthu Ake. Za Mayi Nangondo, poti kuwachotsa kunali kosatheka, anawazunguliza chingwe chofiira n'kuwaikira chikwangwani chawo: Munthu Womaliza Amene Dandaulo Lake Linamveka mu Ufumu wa Tazimva. Wofuna kuwaona amalipira pakhomo. Malo odyera a Zitumbuwa za Makolo anatsekedwa mwezi usanathe, ndipo mumasungidwa matsache.

Mayiwo sanakane chingwecho. Malo ndi awo, beseni limabwerera kunyumba lopepuka, ndipo zidzukulu zinayambanso kupempha zitumbuwa. Ana asukulu akawafunsa ngati n'zoona kuti mfumu inawamvera, amayankha kuti agule kaye, nkhani imakoma pakamwa pali kanthu.

Chimene anduna sanachiike pa chikwangwani ndi ichi. Anthu ambiri amene amalipira pakhomo paja sapita kukaona mikondo, ndipo mapazi a mfumu amangowadutsa. Amafika pa chingwe chofiira, amayang'ana uku ndi uku, kenaka amagogoda ndi chala pa chivundikiro chamalata cha beseni lija. Palibe amene anawauza kuti azitero. Mayi Nangondo sangamange mlatho, sangabweretse mankhwala kuchipatala, ndipo amawauza zimenezi poyambirira pomwe kuti wina asadzati ananamizidwa. Anthu amagogodabe.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wokalamba, buluku lake lili ndi mzere wa matope ofika m'chiuno. Anali atayenda kuchokera kumene mlatho unagwa kalekale kuja. Anagogoda pa chivundikiro, n'kuyamba kulankhula mothamanga ngati munthu wozolowera kudulidwa mawu asanamalize.

"Dikirani kaye, bambo," anatero Mayi Nangondo.

Anadzuka pakampando kawo, bondo lija likuwawa. Pamwamba pawo mkuyu unali utayamba kutulutsa timasamba, koma mthunzi wake unali usanakwane ngakhale munthu mmodzi. Anavula mapatapata awo, anawaika pambali pa beseni, n'kuponda pa tala.

"Tsopano yambirani poyambirira," anatero. "Musasiyeko kanthu."